Chinsinsi Changa Chinayenda pa Mafoni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu.

Ine ndinali chidakwa. Ena mwa inu mukudziwa kale, chifukwa nkhope yangayi simunayambe kuiona muno m'tchalitchi. Munayamba kuiona pa foni. Musaweramitse mitu, sindinabwere kudzakudzudzulani. Nthawi imene ija nkhani yanga anainena ndi anthu ena. Lero ndapempha abusa kuti ndiinene ndekha.

Dzina langa ndine Enelesi. Kwathu ndi kwa Dambe, koma ndakhala pa boda zaka zambiri, ndikugulitsa zitenje zimene ndimakapikula ku Chipata. Amuna anga anali telala. Ine ndinkabweretsa nsalu, iwo n'kumasoka. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi wamkazi, Tiyamike.

Mowa sindinauyambe chifukwa cha mavuto. Ndinauyamba zinthu zikuyenda bwino.

Ndinali ndi mnzanga wa pamtima. Ndimutchula kuti Felesiya, ngakhale si dzina lake lenileni. Tinakulira mudzi umodzi. Ku Chipata tinkapita limodzi, katundu kumangira limodzi, pa mzere wa pa boda kuima limodzi. Tikawoloka bwino, tinkagula kabotolo kamodzi n'kugawana kuseri kwa shopu yake. Tinkati tikuchotsa kutopa.

Felesiya ankamwa n'kusiya. Ine ayi. Kabotolo kogawana kaja kanasanduka kanga ndekha. Kenako ndinayamba kubisa timabotolo mkati mwa mtolo wa zitenje. Ndinkatafuna mtedza wauwisi kuti fungo lisamveke. Lamulungu ndinkavala bwino n'kukakhala kutsogolo ndi amayi anzanga. Ndinkadziona wochenjera.

Ndiye amuna anga anadwala. Anawagoneka kuchipatala, ine n'kumawadikirira. Tsiku lina madzulo ndinawauza kuti ndipite kunyumba ndikachape zovala, ndikaonenso mwana, ndipo ndibwera m'mamawa ndi phala.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Usachedwe, mayi a Tiya."

Nditafika kunyumba ndinati ndimwe pang'ono kuti tulo tibwere. Ndinadzuka dzuwa lili pamutu. Ndinaphika phala mofulumira, ndi kuthamangira kuchipatala. Ndinapeza bedi lawo lilibe munthu, nsalu atachotsapo kale. Mayi wina amene ankadikirira wodwala wa bedi loyandikana anandiuza chapansipansi kuti, "Amakufunsani, mayi. Amangoyang'ana kukhomo."

Ndinaima pamenepo ndi phala langa m'manja.

Pa maliro ndinanama. Ndinauza abale kuti ndinali pomwepo mpaka mapeto. Tiyamike ndinamuuza kuti ndinawagwira dzanja bambo ake, ndipo mawu awo otsiriza anali akuti mwana wanga alimbikire sukulu. Mwanayo anakhulupirira.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamuuza zoona. Felesiya. Ndinamuuza ndikulira pamiyendo pake. Iye anandisisita kumutu n'kunena kuti, "Zathera pompano, Enelesi. Ndidzapita nazo kumanda."

Kuchokera pamenepo ndinayamba kumwa ngati ndalembedwa ntchito. M'mawa kuti manja asiye kunjenjemera. Masana kuti ndithe kuseka ndi makasitomala. Madzulo kuti ndisaone bedi lija. Ndinkafuna kusiya. Ndinalumbira kambirimbiri. Sabata sinkatha.

Nthawi imeneyo Felesiya anali atalowa kagulu kena ka mapemphero, ndipo mowa anali atausiyiratu. Tsiku lina anabwera pa benchi yanga.

"Iwe Enelesi, tiye ku mapemphero. Kwabwera munthu wa Mulungu, akumasula anthu."

"Nanga anthu akakandiona?"

"Ndi kutali, kulibe amene akukudziwa. Ndiponso ine ndili pambali pako. Ukuopa chiyani?"

Ndinapita chifukwa ananena ndi iyeyo. Akananena wina, sindikanapita.

Munali mu holo ina yochita lendi, masana, anthu odzaza. Nyimbo zitatha, munthu uja anayamba kuyendayenda ndi maikolofoni. Kenako anaima n'kutseka maso.

"Muno muli mayi wogulitsa zitenje. Mwamuna wake anamwalira akumuitana, iye ali m'tulo ta mowa. Ndikuona phala. Phala lafika, koma bedi lilibe munthu."

Abale anga, ndinadziwa kuti akunena ine. Ndinagwa pansi. Mumtima ndinati, zoonadi Mulungu wandiona, walankhula. Anandiika maikolofoni pakamwa, ndipo ndinaulula zonse. Za timabotolo, za bodza la pa maliro, za mawu amene ndinapekera mwana wanga. Anthu ankaomba m'manja. Felesiya anali ataima kutsogolo kwanga, foni ili m'manja. Ine ndinkayesa akuwerenga mawu a Mulungu.

Ndinabwerera kunyumba wopepuka. Timabotolo tonse ndinakataya kuchimbudzi. Kwa masiku angapo ndinkayenda ndikuimba.

Tsiku lina ndikudutsa pomwe pamaima anyamata osintha ndalama, mmodzi anakuwa kuti, "Amayi a phala, mwadzuka bwanji?" Anzake anaseka. Ndinayenda pang'ono, dalaivala wina wa thiraki anandiloza ndi mlomo. Pa benchi, mayi wogulitsa tomato pafupi nane sanandiyang'ane kumaso. Potsiriza anandipatsa foni yake.

Ndinadziona ndekha ndili pansi, chitenje chitamasuka, mamina ali mbwee, ndikunena zimene ndinabisa zaka zonse zija. Kanemayo anali atayenda pa boda ponse, mpaka ku Boma, mpaka tsidya lija.

Anafikanso kusukulu kwa Tiyamike.

Mwana wanga anabwera masana amenewo, sanandipatse moni. Anaima pakhomo chikwama chili kumsana.

"Amayi, munati munawagwira dzanja."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Sabata yomweyo achimwene anga anabwera kuchokera kwa Dambe. Iwo ndiwo eni mbumba kwathu. Sanandikalipire. Anangoti, "Mlongo, mwanayu ndikumutenga. Akaphunzira konkuja." Ndinayang'ana Tiyamike kuti mwina akana. Anali atamanga kale katundu wake.

Nyumba itakhala zii, m'pamene ndinayamba kuganiza bwino. Munthu wa Mulungu uja sananene za mowa wokha. Ananena za phala. Nkhani ya phala ndinauza munthu mmodzi pa dziko lonse lapansi.

Ndinapita ku shopu ya Felesiya.

"Felesiya, za phala anamuuza ndani?"

"Mzimu, Enelesi. Iwenso unaona."

"Ndiyang'ane kumaso. Anamuuza ndani?"

Anayamba kupinda chitenje chomwe chinali chopinda kale. Kenako anati, "Amayamba afunsa kaye mavuto a munthu, kuti adziwe popempherera. Ine ndimafuna uchire."

"Nanga kanema?"

"Umenewo ndi umboni. Walimbikitsa anthu ambiri. Uziyamika."

Uziyamika. Ndi mawu amene ndinalandira kwa munthu yemwe ndinkagawana naye chilichonse, munthu amene anamunyamula Tiyamike tsiku lotuluka m'chikuta. Sananene kuti pepa. Mpaka lero sananene.

Ndikuuzeni zoona, sindinakwiyire Felesiya yekha. Ndinakwiyira Mulungu. Ndinati, ndinabwera kwa inu ndi mtima wanga wonse, ndinagwa pansi m'dzina lanu, ndiye mwalola kuti andiseweretse chonchi? Kutchalitchi ndinasiya. Munthu akangoti tiyeni tipemphere, ine ndinkachokapo. Ndinabwerera ku mowa, ndipo ulendo uno sindinkabisanso. Ndibisirenji, poti aliyense akudziwa? Timabotolo titayamba kundidulira, ndinatsikira ku kachasu. Ku Chipata ndinasiya kupita. Pa benchi panatsala zitenje zochepa zofwifwa ndi dzuwa.

Patapita miyezi ndinati ndikamuone mwana wanga. Ndinamugulira nsapato za kusukulu. Ndinanyamuka ndisanamwe, koma panjira mantha anandigwira. Ndinati kamodzi kokha, kuti ndilimbe mtima. Pofika kwa Dambe wa kabaza ankachita kundigwira kuti ndisagwe.

Tiyamike anali panja akutsuka mbale. Atandiona anazisiya pomwepo, nalowa m'nyumba. Ndinamuitana. Sanatuluke. Ana a m'mudzi anayamba kusonkhana. Alamu anga anandipatsa madzi akumwa, ndipo achimwene anandiperekeza okha kumsewu.

"Pita, mlongo. Udzabwere tsiku limene udzakhale iweyo."

Nsapato zija ndinabwerera nazo.

Nditatsika pa boda sindinapite kunyumba. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pomwe amamata matayala, ndikuyang'ana mathiraki akudutsa. Zimene ndinkaganiza sizinali zabwino. Ndinkati ndikangochoka pa dziko pano, mwana wanga apuma, anthu asiya kumuloza.

Mwini malowo ndi bambo wina wachikulire. Anandilola kuti ndinene za iwo lero, koma dzina ndisintha, ndiwatchula kuti a Mwale. Kale aliyense pa boda ankawadziwa ngati munthu wogona m'ngalande. Sindinkadziwa kuti anasiya liti. Anabwera, nakhala pa tayala chapatali pang'ono, n'kumapukuta manja ndi kansanza.

"Mayi, mwakhalitsa pamenepa. Tasunthirani kuno, mathirakiwa saona."

"Mukufuna kundiseka nanunso? Sekani."

"Kanema uja anyamata anabwera naye pano. Ine ndinakana kumuonera."

Ndinawayang'ana. Chichitikireni zimene zija, aka kanali koyamba kumva munthu akunena zimenezo.

"Chifukwa chiyani?"

"Sizinali zanga. Komanso ine ndili nazo zanga, zoposa zanuzo mwina." Kenako anati, "Tilipo angapo a vuto lomweli. Timakumana Loweruka masana. Timangokambirana."

"Kuli munthu wa Mulungu?"

"Kulibe. Tonse ndife zidakwa."

"Maikolofoni?"

"Kulibe. Ngakhale mafoni timathimitsa, n'kuika m'beseni pakhomo."

Anandilondolera kuti ndi ku sukulu ya mkaka ina, kuseri kwa chigayo, ukamalowera njira ya ku Boma. Sanandikakamize. Anaitana mkazi wawo kuti andiperekeze kunyumba, ndipo mayiwo sanachoke mpaka nditadya.

Musaganize kuti ndinakhulupirira. Munthu amene wagulitsidwa ndi mnzake wa pamtima sakhulupirira womata matayala. Ndinkati umenewu ndi msampha wina. Koma mawu aja akuti ndinakana kumuonera ankangobwerabwera m'mutu mwanga.

Loweruka lina ndinanyamuka. Nditafika kuderalo ndinapeza kuti zigayo zilipo ziwiri. Ndinazungulira kuseri kwa choyamba, kunalibe sukulu. Kufunsa ndinkaopa. Ungafunse bwanji? Ungati ndikufuna komwe kumakumana zidakwa? Potsiriza ndinafunsa mtsikana wina wogulitsa zitumbuwa kuti, kodi komwe kumakumana anthu Loweruka ndi kuti? Iye anandilozera pakhonde la nyumba ina.

Ndinapeza amayi a banki m'khonde atakhala bwalo. Onse anatembenuka. Mmodzi anagunda mnzake ndi chigongono. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Si aja a phala?"

Ndinathawa. Tsiku limenelo ndinamwa mpaka osadziwa amene anandifikitsa kunyumba. Ndinati basi, anandinamizanso.

A Mwale atamva kuti ndinasochera, anabwera pa benchi yanga ndi kupepesa. Abale, munthu wamkulu kundipepesa chifukwa cha chigayo. Anati iwo sangayende nane, anthu anganene zina, koma atumiza mayi wina wa m'gulumo.

Loweruka lotsatira kunabweradi mayi wamfupi, wakuda, wolankhula Chichewa cha kumwera. Ndingowatchula kuti mayi a ku Mulanje. Anabwera kuno ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo kuti afike ku msonkhano amayenda mtunda wautali wapansi. Sanandifunse chilichonse. Anangoti, "Tiyeni, asisi. Mukafika pakhomo n'kuona kuti simukufuna, tibwerera limodzi."

Kanali kachipinda kamodzi, m'makoma atajambulamo nkhuku, mbuzi ndi zilembo za ana. Mipando yake inali ya ana aang'ono. Anthu akuluakulu atakhala pa timipando, mawondo ali m'chifuwa. Pakhomo panalidi beseni la pulasitiki, mafoni ali momwemo. Munali abambo angapo, ena a nkhope zoti ndimaziona pa boda. Mayina awo simuwamva kwa ine.

Poyamba bambo wina ananena malamulo. Zomveka muno zimatsala muno. Amene wamuona muno sukamutchula kunja. Palibe wokakamizidwa kulankhula. Wina akamalankhula sitimudula, sitimuweruza.

Kenako anayamba mmodzimmodzi. Aliyense ankanena za iye mwini, mmene sabata yayendera, pomwe anatsala pang'ono kugwa, pomwe anagwadi. Ine sindinkamvetsera kwenikweni. Ndinkayang'ana manja awo. Ndinkayang'ana m'matumba a malaya, pawindo, kudenga. Ndinkafunafuna pomwe abisa foni.

Itafika nthawi yanga ndinapukusa mutu. Bambo uja anangoti, "Zikomo pobwera, mayi," n'kupitirira kwa wina.

Ndinabwerera kunyumba wodabwa. Palibe amene anandigwira pamutu. Palibe amene anandikankha kuti ndigwe. Palibe amene anafuna kanthu kwa ine.

Ndinapitanso, ndi kupitanso, osalankhula. Tsiku lina ndinati ndiwayese. Ndinanena kanthu kakang'ono koma kochititsa manyazi, kamene sikanali mu kanema uja, koti kakangotuluka pa boda ponse padzaza. Kenako ndinakhala pa benchi yanga sabata yonse makutu ali tcheru, kudikira kuti kandibwerere. Mmodzi wa abambo a m'gulumo anadutsa pa benchi pomwepo ali ndi anzake. Anandipatsa moni ngati mayi wina aliyense wogulitsa zitenje, n'kumapita.

Kanthu kaja sikanabwerere. Mpaka lero sikanabwerere.

Pamenepo m'pamene ndinawauza kuti ndikufuna kusiya. Anandichenjeza kuti munthu amene wamwa kwambiri nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi amatha kudwala koopsa. Mayi a ku Mulanje anapempha tsiku ku esiteti, nandiperekeza kuchipatala. Kumeneko anandipima ndi kundithandiza. Masiku oyambawo anali owawa. Thukuta, kusanza, kunjenjemera. Akazi a a Mwale ankabwera kudzandiona. Anzanga a m'gulu anandiphunzitsa kuti ndisalumbirenso za moyo wonse. Anati lumbira za lero lokha, za mawa tidzazionera mawa.

Nkhani ya amuna anga ndinadzainena patapita nthawi. Onse anali ataimva kale kunja, ndikudziwa. Koma anamvetsera ngati akuimva koyamba. Palibe anaomba m'manja. Mayi a ku Mulanje anasuntha kampando kawo kufika pafupi ndi kanga, kenako ananena nkhani yawo. Imeneyo sindinena, si yanga. Koma nditaimva ndinadziwa kuti sindine ndekha amene ndinachedwa pomwe ndinkafunika.

Pomaliza msonkhano pamakhala kapemphero kakafupi, kwa amene akufuna. Ine ndinkatuluka nthawi imeneyo, n'kukaima panja. Tsiku limenelo ndinakhala.

Ndikubwerera kunyumba, panjira, ganizo lina linandifikira. Mulungu ankadziwa za phala lija kuyambira m'mawa womwe uja. Anandiona ndikudzuka mochedwa. Anandiona ndikunama pa maliro. Zaka zonsezo ankadziwa, koma sanauzeko munthu. Amene anandiika pa mafoni si Iye. Iye anangondidikira. Ndipo nditakhala m'mbali mwa msewu ndikuyang'ana mathiraki, sananditumizire munthu wa maikolofoni. Ananditumizira womata matayala.

Ndinaima pansi pa mtengo wa mango n'kulira. Ndinati, Ambuye, ndinakunamizirani mlandu wa anthu. Mundikhululukire. Limenelo ndi pemphero loyamba limene ndinapemphera ndekha chichokereni mu holo muja.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo sindinalawenso. Likhala bodza, ndipo mabodza ananditopetsa.

Nditayambiranso kupita ku Chipata, tsiku lina ndinakumana ndi Felesiya pa mzere wa pa boda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumwetulira.

"Koma wanenepa, Enelesi! Waona? Mapemphero aja anagwira ntchito."

Ndinawoloka, ndinasiya katundu kunyumba, ndinapita kukagula kabotolo. Ndinamwa. Mawa lake ndinamwanso.

Loweruka ndinafika pakhomo la sukulu ya mkaka ndi manyazi aakulu. Ndinaima panja nthawi yaitali. Ndinkati andithamangitsa, kapena ayamba kundiyang'ana ngati mmene amandiyang'anira ena onse. Nditalowa ndinati, "Ndagwa." A Mwale anakoka kampando kamene kanali kopanda munthu, nati, "Khalani, mayi. Mwachita bwino kubwera. Tiyambirenso lero."

Kuyambira tsiku limenelo mpaka pano ndaima, mwa chisomo cha Mulungu, lero ndi lero.

Nyengo yokolola mtedza ndinapita kwa Dambe. Ulendo uno ndinafika ndili ineyo. Achimwene anandiyang'anitsitsa, nandilozera kuseri kwa nyumba komwe Tiyamike ankathothola mtedza. Ndinakhala pansi chapatali, ndi kuyamba kuthothola nanenso. Tinagwira ntchito nthawi yaitali.

Kenako ndinati, "Tiya, bambo ako anamwalira ine kulibe. Ndinali nditaledzera. Ndinakunamiza. Unayenera kumva kwa ine, osati pa foni ya anzako."

Sanadzutse mutu. "Nanga mawu aja a sukulu?"

"Ndinapeka, mwana wanga."

"Ine ndimalimbikira chifukwa cha mawu amenewo."

Ndinkafuna kunena kuti akanatha kulankhula akananena zomwezo, koma ndinaona kuti ndiyambanso kuwaikira mawu m'kamwa. Ndinangoti, "Ndinakulakwira. Pepa."

Misozi yake inkagwera pa mtedza. Patapita kanthawi anakankhira dengu lake pakati pathu kuti tiziponyamo tonse. Sananene kuti ndakukhululukirani. Koma pobwerera anandinyamulira chikwama mpaka kumsewu.

Akukhalabe kwa amalume ake, ndipo sindikumukakamiza. Holide yapitayi anabwera kudzakhala nane. Ndisanaime pano ndinamufunsa ngati ndinganene nkhaniyi, popeza ndi yakenso. Anati, "Kaneneni, amayi, bola munene zoona."

Za Felesiya, ndisakunamizeni. Sindinafike pomukhululukira ndi mtima wonse. Ndikamuona, pamtima pamatenthabe. Anali mchemwali wanga koposa amene ndinabadwa nawo. Chimene ndasiya ndi kumwera mowa mkwiyo umenewo. Ndimapita nawo ku gulu, ndimapita nawo kwa Ambuye. Ndimawauza kuti, ine pandekha sindingathe, mundiphunzitse. Mundipempherere pa chimenechi.

Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, inu ana a Mulungu. Munthu akakuuzani chinsinsi chake akulira, wakupatsani moyo wake. Musapite nacho kwa wina ponena kuti tikumupempherera. Musachisandutse umboni iye asanafune. Ine ndinatsala pang'ono kufa, osati ndi mowa wokha, koma ndi thandizo la mtundu umenewo.

Ndikuyamika Mulungu amene sanandisiye m'mbali mwa msewu. Ndikumuyamika chifukwa cha anthu osatchuka aja okhala pa timipando ta ana, amene anandisungira ulemu pamene ndinalibe. Ndikumuyamika chifukwa cha manja awa, amene lero akugwira chitenje osanjenjemera. Ndikumuyamika kuti mwana wanga akunditchulanso amayi. Ulemerero wonse upite kwa Iye.

Tsopano ndilankhule ndi iwe amene wakhala muno, wavala bwino, koma ukudziwa chimene wabisa kunyumba. Kapena ndiwe mayi ngati ine, ndipo ukuti vuto limeneli ndi la abambo okha. Kapena unayesapo kuuza munthu, n'kukupweteka.

Sindikuuza kuti uimirire. Sindikuuza kuti ukweze dzanja. Usabwere kutsogolo kuno, ndipo tikatuluka usandithamangire pakhomo.

Benchi yanga ukuidziwa. Ubwere tsiku lililonse ngati wogula. Ugwire chitenje, ufunse mtengo, kenako ungoti, "Loweruka muli ndi ulendo?" Ine ndimva. Sindikufunsa kanthu. Tidzayenda limodzi mpaka pakhomo, ndipo ukadzafika n'kuona kuti sukufuna kulowa, tidzabwerera limodzi.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.